Tsiku Limene Lemur Anandiitanira Ankhoswe

Manyazi amene ndinachita chaka cha recession, chuma chitagwa, ndimawamvabe mpaka lero, ndipo a Mbewe sindinawakhululukire.

Nthawi imeneyo ndinkalemba thesis yokhudza lemur, nyama ya m'nkhalango zamvula za ku Madagascar yooneka ngati changa wamkulu. Ganyu yanga ya muhotela inali itatha, choncho mkazi wanga, amayi a Tadala, ndiwo ankatidyetsa ndi ntchito ya care, yosamalira okalamba, ine n'kumalera ana kunyumba ku Finglas, dera lomwe tinkakhala m'dziko la Aairishi.

Tsiku lina ndili m'basi, achimwene anga a ku Zomba anaimba foni n'kufunsa kuti ndikuphunzira chiyani kwenikweni. Ndinatchula lemur kamodzi kokha, kenako ndinatentheka.

"Achimwene, banja lake n'lovuta! Wamkazi ndiye bwana. Amayamba kudya ndi iyeyo, wamwamuna akangoyandikira chipatso, khofi! Ana amawasiya n'kupita kokasaka chakudya, wamwamuna n'kumalondera. Akakuwa, dera lonse limamva!"

Sindinadziwe kuti a Mbewe, mkulu wa mpingo wathu, akwera pa stop yotsatira n'kukhala kumbuyo kwanga.

Loweruka masana, gogogo pakhomo. A Mbewe, akazi awo, ndi amayi awiri a chigwirizano, aliyense Baibulo m'khwapa. Anakhala pasofa n'kumayang'ana mkazi wanga ngati wapha munthu.

"Mayi," anayamba a Mbewe, "kutha kwa ntchito si kutha kwa ubambo. Mwamuna samenyedwa chifukwa cha chipatso."

"Ndani wamenya ndani?" anafunsa amayi a Tadala.

"Eniake adandaula m'basi."

Ndinadzuka. "A Mbewe, ine ndimanena za lemur!"

"Ndiye dzina limene mumawatchula?"

"Ndi nyama! Yakuda ndi yoyera, yaubweya m'khosi. Imamanga chisa mumtengo, imabereka mapasa!"

Akazi a Mbewe anatembenukira ana athu amapasa amene ankasewera pansi, n'kupukusa mutu. "Mpaka kutukwana ana?"

Mtima unandiwira. Zaka ziwiri ndikuwerenga, anthu n'kundiweruza osafunsa! Ndinatenga laptop, kuwaonetsa zithunzi, kuwaikira kulira kwake mpaka neba wathu wachiairishi anagogoda khoma. A Mbewe anayang'anitsitsa nyamayo itazondoka panthambi, kenako anavula magalasi.

"Tamva, bambo. Mukuopa kulankhula poti eniake ali pompano. Tiyeni tipemphere."

Anandipempherera mphindi twenty kuti Mulungu andipatse mphamvu. Tadala, mmodzi wa mapasawo, yemwe Chichewa amangomva, anafunsa mokweza kuti, "Mammy, is Daddy sick?"

Alendo atapita, mkazi wanga sanakalipe. Anakhala pansi n'kuwerenga chapter three yonse ya thesis yanga. Atamaliza anatenga mango omwe ndinali nditadzigulira pamsika wa ku Moore Street, n'kuyamba kusenda.

"Amenewo ndi anga," ndinatero.

Anandiyang'ana, mpeni uli m'manja. "Tayandikirani, abambo a Tadala. Tione ngati research yanu ili yoona."

Ukamakamba za nyama pagulu, uziyamba ndi kutchula mchira.