Nsapato ya Bambo Chidzanja

Ana inu, mwambi uwu unayamba motere, ndipo sunayambire kutali ayi, koma pa paki yathu ija ya m'mbali mwa msewu waukulu.

Kale pamalopo panali dzala. Omanga msewu anasiya kachigawo ka dothi lofiira, anthu n'kumatayapo makoko a nzimbe, mapepala ndi agalu akufa. Amayi ootcha chimanga m'mbali mwa msewumo ndiwo anatopa ndi fungo. Mayi Nasibeko anawasonkhanitsa, onse n'kusesa, kulima, kubzala kapinga, maluwa n'kuwaika m'matayala akutha. Anayalanso kanjira ka njerwa ndi manja awo.

Tsono panali Bambo Chidzanja, amene khasu sanaligwirepo ngakhale tsiku limodzi. Atamva kuti Loweruka kubwera a khansala ndi wojambula zithunzi kudzatsegula paki, anadzisankha okha kukhala wapampando. Suti yoyera anabwereka kwa alamu awo, nsapato zosongoka n'kugula. Odziwa nkhani amati ankafuna kuonekera kwa mayi wina wa saluni patsidya pa msewu, koma musakanene kuti mwazimva kuno.

Loweruka m'mawa a Chidzanja anapeza kapinga ali wofota, poti unali mwezi wa Okutobala.

"Mayi Nasibeko, udzu uwu ngati ndevu za mbuzi! Mukufuna a khansala aziti wapampando ndi waulesi?"

"Kapinga sathamangitsidwa, bambo. Timathirira ndi zitini m'mawa ndi madzulo. Dothi ili n'lochita kuthira, silinakhazikike."

"Zitini? Apa pafunika mvula, lero lomwe!"

Posakhalitsa inatulukira galimoto ya thanki, ija inkawaza madzi kumene msewu unkamangidwabe kuti fumbi lichepe. A Chidzanja anaima pakati pa msewu, manja m'mwamba.

"Adalaivala, ndine wapampando pano. Ndigwetsereni mvula pa paki yanga."

"Yochuluka bwanji, bwana?"

"Yonse!"

"Thanki yonseyi? Amayiwa mwawafunsa?"

"Ine ndifunse ootcha chimanga?"

Dalaivala anangopukusa mutu n'kutsegula mpopi. Madzi khuthukhuthu mpaka dontho lomaliza. Dothi linamwa n'kukhuta: pamwamba pooneka bwinobwino, pansi phala lokhalokha.

Masana a khansala anafika. Amayi anafola pa kanjira ka njerwa, akuimba ndi kululutira, mayi wa saluni uja ali pomwepo. Koma a Chidzanja njira ya anthu wamba sanaifune. Anati adutse pakati pa kapinga, pepala la mawu awo lili m'manja, kuti akhale oyamba kupereka moni. Phazi loyamba linatitimira mpaka m'kakolo. Lachiwiri mpaka m'bondo. Poti azule mwendo, anagwa chagada, khu! Wojambula uja sanachedwe, ndipo mayi wa saluni anaseka mpaka kugwira mtengo.

"Mayi Nasibeko, ndithandizeni!"

"Ife ootcha chimangafe, bambo?"

Komabe amayiwo anawaponyera chitenje n'kuwakoka ngati ng'ombe yogwa m'dambo. Anatuluka suti itafiira, nsapato imodzi itatsala pansi.

"Kodi ntchito yokongolayi anagwira ndani?" anafunsa a khansala.

Zala zonse zinaloza Mayi Nasibeko, ndipo iwo ndiwo anapatsidwa sizasi yodulira kansalu kotsegulira paki, manja akununkha utsi wa makala.

Lero pitani mukaone. Kapinga ali biriwiri, akwati amabwera kuchokera kumatauni ena kudzajambulitsa, ngakhale madalaivala a mathiraki amaima kudzapuma pa mabenchi athu. Nsapato ija amayi anaifukula n'kubzalamo duwa, ili pakhomo penipeni polowera. Ndipo dalaivala wa thanki akangowaona a Chidzanja, amaliza hutala n'kufuula, "Bwana, ndigwetse ina?" Iwo amangotembenukira kumbali ngati sanamve.

N'chifukwa chake akulu amati: walira mvula, walira matope.