Magazini a Alamu Anga pa Msonkhano wa Amayi

Mpaka lero ndikamalowa m'tchalitchi chathu ku Ndirande ndimayenda ngati ndikufunafuna singano pansi. Zonsezi chifukwa cha pakamwa pangapa.

Alamu anga, omwe anali mphunzitsi wa Chichewa, atapuma pa ntchito anabwerera kwawo ku Thyolo n'kutisiyira makatoni a mabuku ndi magazini a nkhani zopeka. Makatoniwo anakhala kuseri kwa chitseko mpaka mphemvu zinayamba kuberekeranamo. Amuna anga, omwe amagwira ntchito ku Nchalo n'kumabwera pakutha pa mwezi, anati ndingowotcha. Ine ndinakana. Amayi abusa anali atadandaula kuti azimayi masiku ano timangowerenga za pafoni, ndiye ndinanyamula katoni imodzi kupita nayo ku msonkhano wathu wa Lachinayi.

Atandipatsa mpata woyankhula, m'malo mongoti landirani, ndinayamba kudzigulitsa. Ndinati magaziniwa ndawawerenga onse (zoona zake ndinali nditangowakutumula fumbi). Ndinawonjezanso kuti zimene zalembedwamo ndi zomwe ndimachita pa banja langa, n'chifukwa chake ndi lolimba ngakhale bambo amakhala kutali. Anandiwombera m'manja.

Amayi abusa anapempha Anaphiri, mayi wa mawu osafuna chimkuzamawu, kuti atiwerengereko nkhani imodzi. Anatola magazini imene inali pamwamba.

Nkhaniyo inayamba bwino. Inali ya mayi wina wopemphera, amene mwamuna wake ankagwira ntchito kutali. Ndinagwedeza mutu monyadira, wina n'kundiloza kuti ameneyu ndi mayi a Tadala enieni. Kenako munalowa dalaivala wa minibasi, wa ndevu zosamalika. Posakhalitsa dalaivala uja anali akulowera pa zenera. Ndinayamba kutsokomola dala, koma Anaphiri akayamba chinthu sasiya. Anafika mpaka pamene dalaivalayo ankavula nsapato, uku akusintha mawu kuti amveke ngati a mwamuna.

Tsono m'nyumba yoyandikana ndi yathu mumakhala dalaivala wa maminibasi a ku Chirimba (ndevu nayenso ali nazo), ndipo mkazi wake anakhala pa benchi la kutsogolo kwanga. Anatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana kuyambira pa duku mpaka ku mapazi.

"Mwati zimenezi ndi zomwe mumachita pa banja lanu?"

Ndinayesa kunena kuti mwina nkhani imeneyo ndinaidumpha, koma palibe anaphethira. Ndinaona kuti bola kutchuka ndi bodza kusiyana ndi chinacho, choncho ndinaulula pamaso pa amayi onse kuti sindinawerengepo ngakhale tsamba limodzi. Amayi abusa anayambitsa nyimbo msangamsanga, n'kulamula kuti katoniyo ikasungidwe ku ofesi mpaka ataiunika.

Neba wanga anasiya kundipatsa moni, ndipo zenera lathu amaliyang'ana kuposa ine mwini. Amuna anga anaimva nkhaniyi ali ku Nchalo komweko.

Lamlungu lotsatira amayi abusa anandiitanira kuseri kwa tchalitchi. Ndinangoti basi ndadulidwa mu mpingo. Iwo anayang'ana uku ndi uku, kenako ananong'ona.

"Mayi a Tadala, nkhani ija yathera panjira. Gawo lachiwiri silinatsale kunyumba?"

Linatsaladi, m'katoni ina. Koma ulendo uno ndinayamba ndaliwerenga ndekha ndisanalipereke. Kawiri, kuti nditsimikize.