Moni wa Asebele Pachitunda cha Zomba

Ndikayamba kuseka musandiletse, chifukwa tsiku lakelo sindinaseke. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3, ndiye zilembo zikapendama muziwongole nokha.

Amuna anga atamwalira anandisiyira kapikapu koyera kamene ankanyamulira tomato. Kanakhala pansi pa mtengo wa mango chaka chathunthu, nkhuku zikuikiramo mazira. Mwana wanga Esnati anati tikagulitse. Ine ndinati ayi, mpando uwo udakali ndi dzenje la bambo ako. Ndiye anandiphunzitsa yekha pabwalo la mpira kwathu kwa Malemia, kuzungulira, kuzungulira, kuzungulira, mpaka laisensi ndinaipeza (kachitatu, koma papepalapo salembapo zimenezo).

"Amayi," anatero Esnati, "pitani ku Zomba mukabwere. Kakabwera ndi bala ngakhale limodzi, makiyi ndikulandani, kagulitsidwa."

Ndinavomera. Malemu ankandilonjeza chaka ndi chaka kuti adzanditengera kuphiri ndikaone Domasi ali pansi. Tomato sankatha, ulendo sunkachitika.

Loweruka m'mawa ndinatenga mnzanga woyandikana naye nyumba, Abiti Saidi, wogulitsa mandasi. Anakwera akupemphera mwa kwawo, ine ndikupemphera mwa kwathu.

"Anganga," anatero Abiti, poti kwawo mnzako amamuitana choncho, "ine ana anga sanakwatire onse. Muziyenda ngati mwasenza madzi."

Ndinayendadi choncho. Pa Songani kabaza anatipitirira. Pa Naisi anatipitiriranso wina, atanyamula makala matumba awiri, mpaka kutembenuka kutiyang'ana. Ine osasamala, ndikuyimba kanyimbo kanga: msewu uwu wandidziwa, msewu uwu wandidziwa, dzulo ndinali katundu, lero ndine dalaivala.

M'tauni tinadutsa bwinobwino, n'kukhota kuyamba kukwera phiri. Giya yachiwiri, giya yoyamba, kagalimoto kakubuula ngati mayi wapakati. Pamenepo ndinaona bambo wachikulire akutsika wapansi, jekete yakuda, ambulera m'manja. Asebele anga, bambo ake a mwamuna wa Esnati.

Tsono ndiuzeni inu. Asebele mungawapatse moni pazenera, inu muli khale pamwamba iwo ali chilili pansi? Mungawaimbire hutala ngati mbuzi? Amayi anga akanadzuka kumanda. Ndinaponda buleki, ndinachotsa giya, ndinatsegula chitseko, ndinatsika, ndinakonza chitenje, n'kugwada m'mbali mwa msewu manja ali pamodzi.

(Buleki ya pamanja Esnati anandionetsa, sindimunamizira. Koma pabwalo lathu pali see, galimoto ukaisiya imakhala ngati ng'ombe yokhuta. Chitsulo chimenecho ine ndinkakolekapo jumbo ya mtedza.)

"Mwadzuka bwanji, asebele?"

"Tadzuka bwino, kaya inu amayi?"

"Tadzuka."

"Kunyumba mwasiyako bwanji?"

Kumbuyo kwanga ndinamva matayala akutafuna timiyala, khwirr, khwirr. Kenako mawu a Abiti: "Anganga, tikupita kuti? Anganga, mulibemo m'galimoto muno!"

Ndinacheuka ndi diso limodzi. Kapikapu kakubwerera chambuyo pang'onopang'ono, chitseko chili yasa, Abiti atagwira chiwongolero kuchokera kumpando wawo ngati akupeta mpunga. Ndipo apa ndipo pali manyazi anga: sindinadzuke. Moni unali pakati. Asebele anali asanafunse za adzukulu.

"Nanga ana?" anatero iwo, maso ali pagalimoto.

"Ali bwino," ndinatero ine, maso ali pagalimoto.

"Amayi, ndikuona ngati yanu ija yanyamuka."

Ndiye tinathamanga, nkhalamba ziwiri, ambulera uko, nsapato uko. Mwamwayi Abiti anakhotetsera kuphiri osati kuphompho. Tinangomva kho, kagalimoto katsamira khoma la dothi, nyali yakumbuyo yatheratu.

Abiti anatsika n'kundiloza chala. "Inu mukagwadira munthu, ena tizifa?"

Asebele sanaseke. Anatola mwala waukulu n'kuuika kutsogolo kwa tayala, wina kumbuyo, kenako anachotsa jumbo ya mtedza n'kukoka chitsulo chija, kwee. Ine ndinkatola timagalasi tofiira m'dothi, ndikudziwa kuti makiyi apita. Chobisa panalibe, mboni yake inali ya m'banja momwemo.

"Poti kagulitsidwa," ndinatero, "tiyeni tikafike."

Asebele anakwera kumbuyo kuti aziika mwala tikaima. Tinakwera, tinakwera, mpaka pamalo poti dziko lonse lili pansi. Ndinayang'ana chigwa, minda ngati zigamba, malata akung'anima. Nyumba yathu sindinaione, koma ndinaloza ndithu. Ndinati mumtima, bambo a Esnati, ndafika, ndipo ndabwera pampando wanu.

Kunyumba ndinapereka makiyi ndekha, pamodzi ndi timagalasi tija. Esnati anawatenga n'kuwaika m'thumba. Masiku atatu kagalimoto kali pansi pa mango, nkhuku zayamba kale kusuzumiramo. Tsiku lachinayi Esnati anabwera nkhope ili gwa.

"Apongozi anga aimba foni. Akuti munthu wotaya galimoto chifukwa cha ulemu salandidwa makiyi. Ndiwayankha bwanji ine?"

Makiyi aja anawaponya pamphasa. Abiti mpaka lero amakwera minibasi.

Esnati akuti ndikaona munthu wamkulu ndizingokweza dzanja. Ndimavomera kuti eya, mwanangu. Koma ndimatsikabe, ndimagwadabe. Kungoti masiku ano asebele amayamba adikira, ndikoke chitsulo, nditsitse mwala wanga umene ndimayenda nawo, ndiye moni pambuyo.