Tsiku Limene Ndinapaka Polishi Mutu wa Eni

Nkhaniyi ndakhala ndikuibisa, koma poti ku Karoi konse, kuno ku Zimbabwe, aimva kale, ndipo aithira ndi mchere, bola muimve kwa mwiniwake.

Ine ndimaphunzitsa zojambula pasukulu ina ya papulazi. Sindine mphunzitsi wa satifiketi ayi. Ndinkasankha fodya, ndipo anandiitana chifukwa ndine amene ndinkalemba zikwangwani za magolosale. Sukulu yathu ili m'shedi momwe tinkasankhiramo fodyayo. Mayi a kunyumba anatisiya, ana ali ku Joni, ndipo anzanga a pakomboni anabalalika pulazi itagawidwa. Chishona ndimachiyankhula bwinobwino, koma pamatha mwezi osamva munthu akundifunsa kuti ndadzuka bwanji m'chiyankhulo cha amayi anga.

Chaka chatha, a kumyuziyamu ku Harare anagwirizana ndi a kuyunivesite kuti azibwereketsa zosema m'masukulu, ana aziziona ndi kuzijambula. Ife anatibweretsera mutu wa munthu, wamwala wakuda, wolemera ngati thumba la feteleza. Mai Dube, amene anaubweretsa, anati anausema ndi mkulu wina wochokera ku Malawi, wa pamapulazi ngati ife. Anatiuza kuti tiusunge pokhoma. Chitseko cha sukulu timamanga ndi waya, ndiye ahedi anati mutuwo uzigona kwanga, ndizibwera nawo pawilibala.

Sabata yoyamba ndinkangouyang'ana. Yachiwiri ndinaupatsa moni (mongoseka, ndikulumbira). Pofika yachitatu ndinali nditautcha achimwene, ndikuufotokozera za bondo langa ndi za ana osaimba foni. Ankamvetsera bwino kuposa akulu a mpingo.

Kenaka kunabwera uthenga woti Lachisanu alendo a kumyuziyamu ndi a kuyunivesite akubwera kudzaona ntchito ya ana, ndi kuona ngati sukulu yathu ikuyenera kupitiriza kulandira zosema. Nditawayang'ana achimwene, ndinaona kuti atuwa ndi fumbi komanso timanja ta ana. Ndinati mbale wanga sangaonekere pagulu chonchi. M'nyumba munali polishi wa pansi yekha, wofiira. Ndinadziuza kuti pamwala wakuda kufiirako sikungaoneke.

Kunaoneka. Polishiyo analowa m'makwinya onse, m'makutu, mpaka m'mphuno. Ndinapukuta ndi palafini, kufiira kunangofalikira. Ndinathira madzi otentha ndi sopo, mutu unachita mawangamawanga ngati nkhanga. Pamenepo munthu wanzeru akanaleka. Ine ndinatenga waya wotsukira mapoto, ndipo patsaya lakumanzere panatsala zikande zoyera ngati mphini.

Lachisanu ndinaufunditsa nsalu ya patebulo, n'kuuika kutsogolo kwa kalasi. Ahedi anaganiza kuti ndi mwambo umene ndakonza, ndipo anandiyamikira pamaso pa alendo. Anayankhula nthawi yaitali za momwe sukulu yathu imasamalira katundu wa eni. Ntchentche zinkathawa fungo la palafini. Kenaka ahedi anavundukula okha nsaluyo.

Palibe anaseka, ndipo n'zimene zinandipweteka kwambiri. Mphunzitsi wa kuyunivesite anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. Mai Dube anauzungulira mutuwo kawiri, naugwira patsaya ndi chala chimodzi.

"Sekuru, chachitika n'chiyani apa?" anandifunsa, akunditchula agogo m'Chishona.

Ndikananamizira ana, ndipo ganizolo linandifikira (Mulungu andikhululukire). Koma ana onse ankandiyang'ana. Ndinati, "Mai, ndimafuna kuti achimwene aoneke bwino."

"Achimwene?"

Apo ndiye ndinaulula zonse, za moni, za bondo, za waya wa mapoto. Ahedi ankangoyang'ana kudenga ngati akuwerenga malata.

Mai Dube anauyang'ananso mutuwo. Kenaka anati polishiyo akauchotsa, ali ndi munthu wodziwa ntchitoyo, koma zikandezo zitenga nthawi ndipo mwina sizidzatheratu. Anati ayenera kulemba lipoti, ndipo dzina langa likhalamo. Sanakweze mawu. Atatero anapempha kuona zojambula za ana, ndipo anaziona chimodzichimodzi mpaka dzuwa kupendeka. Mtsikana wina anajambula mutuwo uli pawilibala, ine ndikukankha, pakamwa panga pali yasa. Mphunzitsi wa kuyunivesite uja anapempha kuti atenge chimenecho.

Mutu anaunyamula tsiku lomwelo. Ndinathandiza kuukweza m'galimoto, ndipo ndinaika thumba pansi pake kuti usagundike pamsewu wathu wamabampu. Kutsanzikana sindinathe, anthu anali ambiri. Wilibala ndinabwerera nayo yopanda kanthu.

Sukulu sanaichotse m'ndandanda wa zobwerekedwa zinthu. Temu yotsatira anatumiza mbiya yakale, koma imagona kwa ahedi, ndipo ine ndimaloledwa kuiona manja ali kumbuyo. Mai Dube anatumizanso kakalata kondiuza kuti ndikamaona chinthu chatuwa, ndizifunsa kaye.

Ndaphunzira kuti cha eni sapaka mafuta. Panopa ndinatola mwala wanga kumtsinje, ndipo ndikuusema ndi chitsulo cha njinga. Mphuno inathyoka kale, khutu limodzi n'lalikulu kuposa linzake. Uyu ndiye ndidzampaka polishi wamtundu uliwonse umene ndifuna, ndipo palibe adzalembe lipoti.