A Cuthbert ndi Kapinga wa Azungu

Chimene sindinachimvetse konse pa a Cuthbert ndi chidani chawo ndi udzu. Tinakhala moyandikana zaka khumi ndi ziwiri pa esiteti ina yakale kunja kwa Leicester, yomangidwa ndi mapulani, nyumba zonse zofanana ngati ana asukulu pamzere, iliyonse ndi kapinga patsogolo. A Cuthbert atangolowa anagula khasu, nalambula kapinga yense mpaka dothi linaonekera. M'mawa uliwonse ankasesapo, tsache likusiya mizere ngati pabwalo la mishoni. Sindikonda kutama munthu, koma kusesa ankakudziwa.

"Achimwene, kuno njoka siioneka," ndinawauza tsiku lina.

"Mwaonatu? Ndiye kuti zikuthandiza."

Mvula ya kuno sidziwa nyengo, choncho bwalolo linkakhalira matope. Wonyamula makalata ataterereka kawiri, anayamba kuwaitana ali kumsewu. Mayi Noorjahan a pagolosale ankawaseka: "A Cuthbert, azungu udzu amauthirira, inu mukuupha!"

"Mayi, ine sindinafe. Pakhomo panga pamere tchire chifukwa chiyani?"

Eni nyumba atatuma munthu ndi mafomu kudzamva maganizo athu, ife tinadandaula za nkhungu m'makoma, mawindo olowetsa mphepo, ndi basi imene inkabwera ikafuna. A Cuthbert anati nyumba ilibe vuto, napempha chilolezo cholambula paki yonse ya pa esitetipo. Patapita sabata analandira kalata yoti abwezeretse kapinga. Anaiwerenga kawiri, nayamikira Chingerezi chake.

Chaka chatha tinauzidwa kuti mzere wathu augumula, ndipo ambiri tinakondwa. A Cuthbert, amene ankakhala okha chimwalirire akazi awo, anapatsidwa fulati yofunda pansanjika yachisanu ndi chiwiri. Ndinawaperekeza kukaiona. Anaima pawindo nthawi yaitali akuyang'ana pansi.

"Ndiye ndikadzuka m'mawa ndizitani?"

"Muzipumula, achimwene. Mwakula."

"Nanga anthu azidziwa bwanji kuti ndadzuka?"

Ineyo makatani ndinkatsegula ndikamva tsache lawo, ndipo tsiku lina litachedwa ndinakagogoda, n'kupeza adwala. Sitinakambirane za zimenezi, koma iwo ankadziwa.

Chichokereni a Cuthbert, ife otsala tikudikirabe kusamutsidwa. M'mawa mumsewu mwathu mumangoti zii, ndipo ndimadzuka mochedwa, zimene sindinaleredwe nazo.

Makiyi a fulati ija sanakatenge. Lachisanu lina Mayi Noorjahan, akutsegula golosale, anawaona pasiteji ya basi atavala jekete la kutchalitchi, sutikesi imodzi pambali.

"A Cuthbert, ulendo wa kuti?"

"Kumene munthu akatsegula chitseko amaponda dothi, mayi."

"Ku Derby? Ku Loughborough? Kapena kumudzi?"

Anangovula chipewa. Basi inafika, anakwera, ndipo mayiwo akuti nambala yake sanaione.