Mmene Ndinapatukira Apongozi Mpaka M'dziwe

Ndikulumbira, mphezi indiwaze pompano ngati ndikunama, zonse ndikuuzenizi zinachitikadi!

Apongozi anga, mayi wawo wa akazi anga, anabwera kuno ku South Bend, ku Amereka, kudzaona mdzukulu wawo Tada. Ine ndinali ndisanakumanepo nawo, paja za ukwati wathu ankhoswe anakambira pa foni. Ndiye mtima unali m'mwamba, chifukwa kwathu ku Dedza anatilera kuti mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, ndipo mukakumana panjira umapatukira kutchire, n'kunjuta, n'kuwomba m'manja. Ine ndimangofuna chinthu chimodzi, akabwerere kumudzi akunena kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu.

Loweruka akazi anga akuti, "Bambo a Tada, tiyeni tikawaonetse amayi chinyumba chakale chija cha ku Indianapolis." Chinyumbacho anamanga mpondamatiki wina kalekale potengera nyumba za mafumu a ku Ulaya, kudenga anajambulako angelo onenepa, golide mpaka pazitseko, panja mitengo yometedwa ngati mutu wa msilikali.

Mavuto anayambira m'galimoto. Apongozi ali kumbuyo ndi khanda, ine ndikangoti ndione pagalasi, maso athu akumana! Ndinalipotoza galasilo kuloza kudenga, n'kudraiva njira yonse osadziwa chikubwera kumbuyo, mathiraki akungondiimbira mahutala.

Talowa m'nyumba muja, njira yake yopapatiza, uku chingwe chofiira, uku chingwe chofiira. Mayi wachizungu woonetsa alendo anachenjezeratu kuti wina asadumphe chingwe. Ine ndinatsalira kumbuyo kwenikweni, ndikuti apa ndachenjera. Tafika kuchipinda chogona cha mwini nyumba, njira yathera pomwepo, mayi uja akuti tonse titembenuke. Abale inu! Amene anali patsogolo ndiwo akubwera molunjika ine, apongozi! Tchire ndilipeza kuti m'nyumba ya mzungu? Miyendo inaganiza yokha. Ndinangozindikira ndadumpha chingwe, ndanjuta pambali pa bedi, ndikuwomba m'manja.

Alamu inalira ngati kwagwa ndege. Mayi woonetsa alendo nkhope psuu, akukuwa kuti kapeti ndapondayo ndi wamkulu kuposa agogo anga. Akazi anga akundinong'oneza mano ali gwa, "Mukutani kodi inu?"

"Ndikupereka ulemu."

"Ulemu wolira alamu? Tulukani msanga!"

Ndinapepesa m'Chingelezi changa chonse mpaka chinandithera. Kuyambira pamenepo mlonda wina wamtali, wa wailesi paphewa, anayamba kundilondola, ine thukuta kamukamu, ndikudziona kale ndili m'galimoto ya apolisi apongozi akuonerera.

Titatuluka kupita kumunda ndinapumako, ndikuti kunja kuno tchire ndiye mbwee. Kodi tchire lake ndi lopatukirako? Mitengo anaibzala mothinana ngati khoma, tinjira take tokhotakhota dala kuti munthu asochere. Ndikhota apa, apongozi! Ndibwerera, ndikhota kwina, apongozi! Ndiye akuitana, "Bambo! Bambo inu, taimani!" Mumtima ndikuti basi, mlandu wa kapeti wafika, banja langa lathera m'maluwa.

Ndinatulukira pakati pa munda, pamene pali dziwe ndi chiboliboli cha kamwana kosavala kolavula madzi. Kumanja mlonda uja, kutsogolo apongozi akubwera chitenje chili pepepe. Ndinayamba kubwerera chafutambuyo, mutu pansi, manja akuwomba, ndikunjuta pang'onopang'ono, kenaka pansi panasowa. Phava! Madzi mpaka m'khosi, ozizira ngati a mufiriji, kamwana kaja kakundilavulira pamutu, nsomba yofiira n'kundilowa m'thumba la jekete.

Apongozi anaima m'mphepete, natambasula dzanja. Ine ndikuyang'ana kumbali.

"Gwirani dzanja, bambo, mukufuna chibayo?"

Ndinagwira. Mphamvu zake mayi ameneyu! Anandizula ngati chinangwa. Kenaka akuti, "Tandiuzeni zoona. Chifikireni ine mukungondithawa. Kodi ndikununkha? Sopo wa mwana wanga ndamumaliza ndi kusamba."

Ndinafotokoza za mwambo, mano akugundana. Anaseka mpaka kugwira mlonda paphewa.

"Ine ndine wa ku Ndirande, bambo. Akamwini anga enawo timapanikizana nawo mu minibasi, wina mpaka ndimamukhalira mwendo. Ndimakuitanirani kuti tijambulitse basi."

Tinajambulitsadi, ine madzi ali chuchuchu. Tisanafike n'komwe pagalimoto chithunzi chinali chitafika kwa abale onse, pansi pake atalemba kuti mkamwini ndi waulemu kwambiri, kungoti asamayende pafupi ndi madzi.

Sindidzapatukiranso munthu ine, kaya ndi apongozi kaya ndi abusa, ndisanaone chili kumbuyo kwanga. Za nsomba m'thumba zokhazo ndiye ndangowonjezera, jekete yanga ilibe n'thumba lomwe.