Njinga Yofiira ya kwa Mkuyu

Mwambi uwu, anyamata inu, unayamba motere. Zimitsani kaye njinga zanuzo, okwera sathawa. Ndipo iwe wagula yonyezimirayo sendera kuno, chifukwa nkhaniyi ikukukhudza.

Kutsidya kwa Bua kunali mkamwini wina dzina lake Lekisoni. Sanali munthu woipa, koma maso ake ankathamanga kuposa mutu. Ankakhala pamudzi pa mkazi wake Eneresi, ndipo apongozi ake aakazi, aNambewe, ankamuyesa munthu wongotha ufa. Monga mwa mwambo, awiriwa sankayang'anana m'maso. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Mawu awo onse ankadutsa mwa Eneresi.

Chaka china fodya anachita bwino. Eneresi anati, "Bambo a Tiyese, mukagule njinga yamoto muziyendetsa kabaza, amayi asiye kukunenani. Koma chonde, musanapereke ndalama, mukapeze makaniko ayimvere kaye injini."

"Ineyo makutu ndilibe?" anayankha Lekisoni, akumanga nsapato.

Pamsika waukulu panali munthu wogulitsa njinga zamoto dzina lake Mkuyu, wonenepa, wa pakamwa potsekemera. Iyeyu ankagula njinga zotopa, zimene zinanyamula kale matumba mpaka kutheratu, n'kuzipaka penti. Lekisoni atangolowa pampanda, maso ake anagwera pa njinga yofiira ngati phwetekere wakupsa. Magalasi awiri, mpando wong'anima, timikanda tolendewera kumahandulo. Pathanki ankadziona nkhope.

"Achimwene, muli ndi diso," anatero Mkuyu. "Imeneyo ndinasungira mwana wa mlongo wanga, koma nkhope yanu yandisangalatsa."

Anaponda kiki kamodzi, njinga n'kulira mofatsa ngati mphaka wokhuta.

"Nanga ikadzavuta?" anafunsa Lekisoni.

"Ili ndi galanti. Galanti yake ndine ndemwe. Ikangotsokomola, bwerani nayo ndidzakonza ulere. Ikafa, ndidzakupatsani ina."

Lekisoni anakumbukira mawu a mkazi wake, koma anaona kuti kuitana makaniko pamaso pa munthu waulemu chotero n'kumunyoza. Anapereka ndalama, nakwera. Ali m'njira, injini itatentha, anamva kafungo kokoma ngati ka shuga wopserera m'poto. Anapuma mokoka nati, "Eee, kodi njinga zatsopano zimanunkhira chonchi!"

M'mawa mwake njinga inakana kudzuka. Kiki inali gwa, ngati akuponda chitsa. Anaponda, anaponda, mpaka dzuwa linafika pamutu. Apo njinga inadzuka, koma m'mimba mwake munkamveka kuti kho, kho, kho, ngati muli munthu akugogoda kuti amutsekulire. Lekisoni anaikwera ulendo wa kwa Mkuyu.

Mkuyu anamvetsera madandaulo onse atapinda manja. Kenako anafunsa, "Mwabwera bwanji kuno?"

"Ndakwera yomweyi."

"Ndiye ikuyenda. Achimwene, kuchipatala sagoneka munthu amene wabwera akuthamanga. Galanti ndi ya njinga yokana kuyenda."

Lekisoni anaona kuti mawuwo ndi omveka, nabwerera.

Pasanapite nthawi, njinga inakaniratu. Lekisoni anaikankha mtunda wonsewo, nafika malaya atamatirira kumsana. "Lero ndiye yafa, bwana. Ndachita kukankha."

Mkuyu anagwira kumutu. "Mwaikankha? Kuchokera kwanu? Mayo ine! Njinga ya mtundu uwu sakankha, mwapotoza za m'kati. Galanti siikhudza zimene mwini wake wawononga yekha." Anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu. "Komabe poti ndinu m'bale wanga, dikirani."

Anaikokera kuseri kwa sitolo, kumene sankalola munthu kufikako. Atatuluka nayo, inali kulira mofatsa ngati tsiku loyamba, ndipo kafungo kaja kanali katawonjezeka.

"Musauze anthu kuti munaikankha," anatero Mkuyu. "Angakusekeni."

Lekisoni anathokoza ndi manja awiri. Kunyumba Eneresi atamufunsa, anati njinga ili bwino kwambiri, anangopita kukaisambitsa.

Tsono kunali mwezi wotentha, dzuwa likuswa mtengo. Tsiku lina m'mamawa kunabwera uthenga woti mlongo wawo wa aNambewe, mwini mbumba, wamwalira kumudzi wa kutsidya la nkhalango ya zinyama. Chifukwa cha kutentha, maliro ankayenera kuikidwa tsiku lomwelo. Basi yozungulira nkhalango ikanafika dzuwa litalowa. Njira yachidule inali imodzi yokha, yodutsa pakati pa nkhalangoyo.

ANambewe anayang'ana kukhoma nati, "Eneresi, uwafunse amuna ako ngati njinga yawo ingandifikitse ndikamuone mlongo wanga asanamutseke."

Eneresi anatembenuka. "Bambo a Tiyese, nenani zoona. Ifika?"

Apa m'pamene Lekisoni akananena. Koma anaona anthu atasonkhana pabwalo, onse maso pa iye, naganiza kuti lero ndi tsiku loti apongozi adziwe kuti pamudzi pali mwamuna.

"Ifika n'kubwerera," anatero.

Anaiika padzuwa, naiponda mpaka inadzuka. Pofuna kusunga ulemu, anamanga thumba la ufa wa pamaliro pakati pa iye ndi apongozi ake, kuti asakhudzane. ANambewe anakhala chammbali, nkhope atayang'anitsa kumunda.

Pachipata cha nkhalango mlonda anawaimitsa. "Njovu zili kumadzi m'chigwamo. Musaime. Kaya chagwa chipewa, kaya chagwa chiyani, musazimitse injini."

"Iyi sizima," anatero Lekisoni.

Analowa. Mitengo inatseka mbali zonse. Kunalibe nyumba, kunalibe munthu, nyenje zokha zikulira. Atayenda ndithu, kugogoda kuja kunayamba. Kho, kho, kho. Lekisoni anakoka mafuta kuti apongozi asamve. Kugogoda kunakula. Utsi wakuda unayamba kutuluka, fungo la shuga wopserera n'kudzaza msewu wonse. Atatsikira m'chigwa, njinga inatsokomola kawiri, n'kuti zii.

Pamsewu panali ndowe zazikulu ngati mitanga, zikufuka nthunzi.

Lekisoni anatsika. Anaponda kiki. Palibe. Anapondanso ndi thupi lonse. Kiki inabwerera n'kumumenya pamsongolo, ndipo pansi pa injini panaphulika chinthu chakuda, chomata, chotentha, chimene chinamuthira buluku lonse kuyambira m'mabondo.

Kenako kutchire kunamveka nthambi ikuthyoka.

ANambewe, amene chikwatiwire mwana wawo anali asanalankhulepo ndi mkamwini maso ndi maso, anati monong'ona, "Bambo a Tiyese. Musatembenuke msanga. Pondaninso."

Lekisoni anatembenuka msanga. Njovu yamphongo inali itaima m'mphepete mwa msewu, makutu ikukupiza, chitamba chili m'mwamba chikusaka fungo. Mnyanga umodzi unali wothyoka. Anaponda kiki komaliza, ndipo kiki inathyoka n'kugwera m'fumbi.

"Amayi, tiyeni kumtengo. Pang'onopang'ono."

Anabwerera chafutambuyo, osapuma mokweza, mpaka misana yawo inagunda mtengo waukulu wa m'mbali mwa msewu. Nthambi yoyamba inali patali. ANambewe anayesa kudumpha, manja sanafike. Njovu inaponda pamsewu.

"Amayi, pepani," anatero Lekisoni, "ndikuyenera kukugwirani."

"Gwirani! Ulemu tikachitira kumudzi!"

Anawanyamula paphewa, nawakankhira m'mwamba, maso atatsinzina. Iye anakwera pambuyo, nakhala panthambi ya m'munsi.

Njovu inafika panjinga. Inainunkhiza, n'kuigwetsa ndi chitamba ngati mwana akugwetsa chikho. Inayamba kupsontha chakuda chija pansi, ikuchiika m'kamwa. Itamaliza, inang'amba thumba la ufa, ufa n'kuti mbee msewu wonse. Awiri aja ankaganiza kuti tsopano ichoka. Koma inakwezanso chitamba, n'kuchilozetsa kumtengo.

Inabwera osafulumira. Inatsamira mutu pathunthu, mtengo wonse n'kugwedezeka. ANambewe anakumbatira nthambi, nkhwaila yawo imodzi n'kugwa. Chitamba chinakwera, chinakwera, mpaka chinafika paphazi la Lekisoni. Anamva mpweya wotentha m'mwendo. Chitamba chinagwira nsonga ya buluku n'kuyamba kukoka.

"Amayi, ndikupita ine! Mukauze Eneresi kuti njinga inkavuta!"

ANambewe anayang'ana pansi, naona kuti chitamba chikufuna pamene panathira chakuda chija. "Sikufuna inu, ikufuna bulukulo! Vulani!"

"Amayi?"

"Ndati vulani!"

"Pamaso panu?"

"Ine ndatsinzina! Vulani msanga, mwana wanga angakhale wamasiye chifukwa cha buluku!"

Lekisoni anamasula lamba ndi dzanja limodzi, lina litakola nthambi. Njovu inakoka, buluku n'kuvuka lokha. Inaliika m'kamwa, ikutafuna mofatsa, ili chiimire pansi pa mtengo. Lekisoni anapinda miyendo pachifuwa. Dzuwa linapendeka iwo ali pomwepo, ndipo aNambewe ankaliyang'ana misozi ikutsika, podziwa kuti kutsidya anthu anyamuka kale kupita kumanda.

Anawapulumutsa ndi alonda a nkhalango amene ankadutsa pagalimoto. Analiza hutala, akumenya zitseko, mpaka njovu inalavula buluku n'kulowa m'tchire. Atayang'ana m'mwamba, anaona mayi wachikulire ndi mwamuna wa kabudula wam'kati yekha.

"Awa ndi ndani anu?" anafunsa mlonda wamkulu.

"Apongozi anga," anayankha Lekisoni.

ANambewe anamasula chitenje chapamwamba, nachiponyera mkamwini wawo osamuyang'ana.

Alondawo anawafikitsa kumaliro anthu akusamba m'manja, atabwerako kumanda. ANambewe sanamuonenso mlongo wawo. Anapita okha pamtumbira, nakhala pansi nthawi yaitali. Lekisoni anaima patali atavala chitenje, ndipo ngakhale pamaliro saseka, amayi ena ankabisa nkhope m'mipango mapewa akugwedezeka.

Njinga ija alonda anaikokera kuchipata, ndipo inagona kumeneko mpaka maliro anatha. Lekisoni ankayembekeza kuti akafika kumudzi amusonkhanitsira katundu wake. Koma aNambewe anamuitana, namuyang'ana m'maso.

"Bambo a Tiyese, munanama, ndipo bodza lanu landilanda mlongo wanga. Koma pamtengo paja simunayambe kukwera ndinu. Kabwerekeni ngolo. Ndikufuna ndimuone amene anakugulitsani njingayi."

Anafika kwa Mkuyu tsiku la msika, njinga ili pangolo, anthu akutsatira pambuyo. Mkuyu anatuluka akumwetulira, koma ataona nkhope ya aNambewe kumwetulirako kunachepa.

"Galanti ija tabwerera," anatero aNambewe. "Sanaikwere, sanaikankhe. Yabwera pangolo."

Mkuyu anazungulira njinga. "Amayi, galanti siikhudza njovu. Komanso taonani nokha, penti ili bwinobwino. Magalasi ali pomwepo. Njinga yokongola chonchi mungati ndi yakufa?"

"Kunja taona. Tsekulani m'kati."

"M'kati satsekula pagulu, mumalowa fumbi."

"Tsekulani!" anakuwa anthu.

Mkuyu anayesa kuikokera kuseri kwa sitolo, koma amuna awiri anaima pakhomo. Thukuta likutsika, anagwada, napotokola chotsekera cha oyilo.

Chimene chinatuluka si oyilo. Zinatuluka nyerere. Zinatuluka ngati madzi osefukira, zakuda bii, zina zitanyamula mazira. Zinakwera m'dzanja la Mkuyu, kulowa m'malaya, kutsikira m'buluku. Anadumpha akudzimenya, akuvina gule amene palibe anamuimbira ng'oma.

ANambewe anatola kamtengo, nakalowetsa pabowo, nakatulutsa katamata chakuda. Ananunkhiza, nalawa kunsonga ya lilime.

"Manyuchi a nzimbe," anatero.

Apo anthu anamvetsa. Injini inali yotheratu, zitsulo zikugundana, ndipo Mkuyu ankathiramo manyuchi osakaniza ndi oyilo kuti kugogoda kusamveke. Kukazizira manyuchi ankalimba, njinga n'kukana kudzuka. Kukatentha ankasungunuka n'kununkhira, mpaka kuitana njovu. Amuna ena amene anagula njinga pomwepo anathamangira kukatsekula zawo, ndipo pasanathe sabata Mkuyu anali atasamuka pamsikapo, osatsanzika.

Lekisoni ukwati wake sunathe. Anabwerera ku fodya, ndipo mpaka kukalamba kwake sankagula ngakhale wailesi asanaitsekule kumbuyo.

Masiku ano anthu amaganiza kuti mwambiwu umanena za chipatso cha m'tchire. Ayi, anyamata, anali munthu, ndipo ankagulitsa njinga ngati zanuzi. Pakuti tsiku lija, Mkuyu akudzikanda pakati pa msika, aNambewe anasisita thanki yofiira ija, naona nkhope yawo ikuwala momwemo, natembenukira kugulu nati:

"Chikomekome cha Mkuyu, m'kati muli nyerere."